Zikomo nonse amene munandigwira mkono pa ntchito yoteteza minda

Lachisanu lapitali ndinapereka makiyi a ofesi, ndapuma pa ntchito. Chichokereni tsikulo mauthenga a pa WhatsApp ndi pa Facebook akungobwera, moti kuyankha mmodzimmodzi kwandikanika. Loleni ndikuyankheni nonse pano, ndithokozenso ena amene sanalembe kanthu chifukwa alibe foni, kapena anatsikira kale kuli chete.

Ambiri mumangodziwa kuti ndinali "wa zaulimi". Achibale ena ankaganiza kuti ndimagawa makuponi a feteleza, ndipo mvula ikamayandikira ankabwera kudzandinong'oneza kuti ndiwakumbukire. Ntchito yanga inali ina. Tinkalimbana ndi malamulo ndi ndondomeko za boma kuti ziteteze nthaka komanso minda ya alimi ang'onoang'ono. Kunali kulemba zikalata, kudikira pabenchi ku Capital Hill, kukayankhula pamaso pa komiti ya zaulimi ku Nyumba ya Malamulo, kenaka kubwerera kumidzi kukanena zimene tamva.

Oyamba kuwathokoza ndi amayi a kumidzi ya Mitundu, Mpingu ndi Nathenje. Mayina anu sali m'malipoti athu, koma mfundo zimene tinkapita nazo kwa aphungu zinali zanu. Sindidzaiwala mayi wina wamasiye amene anatitenga tonse pamsonkhano n'kutiyendetsa mpaka kumunda kwake. Anatisonyeza chigwembe chimene chinadula mundawo pakati, chakuya moti mwana wake atalowamo sankaoneka mutu. Kenaka anatisonyeza mbali ina pomwe panali zikhomo zatsopano zopaka utoto wofiira. Atsibweni ake anali atagulitsa chigawo chimenecho kwa munthu wa m'tauni, iye osadziwa. Sanalire, anangotifunsa kuti pa ziwirizi, madzi ndi wachibale, lamulo lathulo lidzamuteteza kwa ndani. Funso limenelo tinalinyamula mpaka kwa aphungu.

Nkhani ya malamulo a malo inatitayitsa tulo. Ndondomeko ya dziko ya za malo inatuluka mu 2002, koma malamulo ake anadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2016, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo anawakonzanso mu 2022. Tangowerengani zaka zimenezo. Ena amene tinayamba nawo anatopa n'kupita ku ntchito zina, sindikuwadzudzula. Chimene chimanditonthoza mtima ndi chakuti lero munthu angathe kulembetsa munda wa makolo m'dzina lake, ndipo m'komiti yoona za malo pamudzi, mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Kulembetsako kukuyenda pang'onopang'ono, zimenezo sindibisa, koma mwana wa mayi uja ali ndi poyambira.

Inu mafumu, magulupu ndi anyakwawa, ndikuwombera m'manja. Poyamba ambiri munatiyesa anthu odzakulandani mphamvu, ndipo pabwalo lina tinabwezedwa tisanatsike n'komwe m'galimoto. Koma alipo ena mwa inu amene munatiitananso, munatipatsa mpando, n'kutifunsa mafunso ovuta mpaka dzuwa kupendeka. Munatiphunzitsa kuti kuno kwa Achewa munda umayenda ndi mbumba, ndipo lamulo lolembedwa mosaganizira chikamwini ndi chitengwa lingathe kudanitsa abale.

Alangizi a zaulimi, inu ndiye ndilibe nanu mawu okwanira. Mlangizi mmodzi, midzi yambirimbiri, njinga yakapalasa yophoka matayala, koma mumafika. Ife tikamanena ku Lilongwe kuti dziko lino limataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka, monga kafukufuku anapezera pa chaka cha 2014, zinkangomveka ngati masamu a m'kalasi. Inu ndi amene munkaima m'munda ndi chingwe kuika akalozera, kudzala udzu wa vetiva, kutseka mizere ndi ngonyeka kuti madzi alowe pansi. Ndi mlangizi amene anandigwiritsa fosholo koyamba popanga manyowa a Mbeya: ndowe, madeya, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, kusakaniza bwinobwino, kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga, n'kudikira masabata 3. Manja ananunkha mpaka madzulo, koma kuyambira pamenepo ndikaima kuyankhula za chonde ndinkadziwa chimene ndikunena.

Pa nkhani ya feteleza wotsika mtengo tinatchedwa mayina. Kuyambira pa pulogalamu ya makuponi ya FISP mu 2005 kufika pa ya AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020, gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likupita kumeneko. Ife sitinanenepo kuti athetse. Tinkati feteleza wothira pa dothi loguga sabweza ndalama yake, ndiye pambali pa thumbalo pakhalenso ndalama za alangizi, za mbewu ya nandolo, soya ndi mtedza, za mitengo ya gliricidia ndi msangu. Msangu mumaudziwa, umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kumakula pansi pake osasowa dzuwa. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, kenaka ng'amba ya 2024 itawotcha minda mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 ali pangozi, anthu amene ankatiseka anayamba kufunsa za manyowa ndi ulimi wa mleranthaka. Sindinakondwere nazo ayi, njala sisekedwa.

Aphunzitsi anga a ku Bunda, akatswiri a ku Chitedze amene munkatipatsa zotsatira za kafukufuku wanu mosanyinyirika, anzathu a m'mabungwe a zaulimi a CISANET, NASFAM ndi Farmers Union of Malawi amene tinkakhalira limodzi m'misonkhano, atolankhani a pawailesi, zikomo. Ogwira ntchito m'boma ena munkatiimbira usiku kutiuza kuti chikalata chathu chafika pati, Mulungu akuonereni. Adalaivala athu, munatitulutsa m'matope a ku Dzalanyama kangati, ndani akudziwa.

Kwa achinyamata amene mwatsala mu ofesi, ndakusiyirani ntchito yosatha. Yendani msewu wa ku Mchinji muone ku Njewa ndi ku Chitipi, kapena wa ku Lumbadzi. Pomwe tinkaona chimanga ndi fodya lero pali mipanda ya njerwa ndi zikwangwani za maploti. Madobadoba akuzungulira midzi, mnyamata akugulitsa munda wa agogo ake kuti agule njinga yamoto ya kabaza, ndipo njingayo ikawonongeka watsala manja lende. Mzinda uyenera kukula, inde, koma wina anene poyera kuti dothi lachonde la m'chigwa cha Lilongwe lisathere pansi pa simenti. Ine ndanenapo mpaka mawu kusasa, tsopano nenani inu.

Abambo a kunyumba, munalera ana nthawi imene ine ndinali m'maulendo, ndipo anthu atakunenani kuti mkazi wanu sakhala pakhomo munangoseka. Apongozi anga, munkandisungira ufa ndi nkhwani wofutsa ngati mwana wanu wobala. Ana anga, pepani chifukwa cha masiku otsekera sukulu amene amayi anu sanaoneke. Amayi a chigwirizano kumpingo, munandipempherera chaka chija ndinagona m'chipatala pomwe lamulo linali pafupi kudutsa, ndipo munkasinthana kubweretsa phala.

Loweruka likudzali kunyumba kuli mapemphero othokoza kuyambira 10 koloko m'mawa. Amene mumadziwa njira bwerani, amene simukuidziwa mundifunse kumbali. Nsima ndi nkhuku yachikuda zidzakhalapo, ndipo aliyense adzanyamulako mbande ziwiri za gliricidia, choncho mubwere ndi jumbo.