Zikomo kwa amene amayesa mapakeji a Debian

Debian ndi gulu la mapulogalamu aulere oyendetsa kompyuta. Debian 13, imene dzina lake ndi trixie, idatuluka pa 9 Ogasiti 2025 ili ndi mapakeji opitirira 69,000 (pakeji ndi pulogalamu yolongedzedwa kuti munthu angoiika pa kompyuta). Mwa onsewo muli kapakeji kamodzi kamene ndimasamalira ineyo. Kadafikamo movutikira, ndipo sikadafikemo ndi mphamvu zanga zokha, n'chifukwa chake ndati ndithokoze poyera.

Kwa amene simunaoneko momwe zimayendera: tikakonza pakeji timaitumiza ku unstable, gawo la Debian komwe mapakeji atsopano amafikira. Kuti idutse kupita ku testing, komwe kumatuluka Debian yotsatira, pamakhala mlonda, pulogalamu yotchedwa britney. Mlondayu samva zonyengerera. Amayang'ana zotsatira za autopkgtest, mayeso amene timalemba mu debian/tests/control, omwe amayesa pakeji itaikidwa kale pa makina monga momwe munthu wamba angaigwiritsire ntchito. Chachikulu n'chakuti sayesa yanu yokha. Amayesanso mapakeji onse amene amadalira yanuyo, ndipo wina akagwa chifukwa cha inu, mumaima pomwepo.

Ndi zimene zidandichitikira. Mayeso a kapakeji kanga adadutsa bwinobwino pa amd64 ndi arm64, mitundu ya makompyuta yofala, koma pulogalamu ya munthu wina, imene imawerenga mafayilo kudzera mwa kanga, idayamba kugwa pa s390x pokha. Amenewa ndi makompyuta akuluakulu a IBM, ndipo amasanja mabayiti a nambala mosemphana ndi laputopu yanga. Cholakwikacho chidali chakale, chobisala mkati mwa khodi, ndipo pa makina athu wamba sichikadaoneka mpaka kalekale. Ine s390x sindidaionepo ndi maso. Kwathu kuno ngakhale magetsi enieniwo timachita kudikira, nanga makina otere ndikadawapeza kuti? Nthawi nayo inkathamanga, popeza hard freeze, nthawi imene malamulo olowera ku testing amakhwima Debian yatsopano isanatuluke, idali itaikidwa pa 15 Meyi.

Choncho zikomo yoyamba ipite kwa osamalira pulogalamu idagwayo. Dzina lawo sinditchula chifukwa sindidawapemphe. M'malo mongonditumizira lipoti n'kukhala pansi, adalowa pa makina a s390x amene Debian idaika kuti anthu aziyeserapo, adabwereza vutolo, n'kundilozera mzere weniweni pomwe nambala inkatembenuzika. Sitidziwana, sitidamvanepo ngakhale mawu. Adataya madzulo awo pa khodi ya eni.

Ndithokozenso amene adamanga njira yonseyi. A Ian Jackson ndiwo adayamba kulemba autopkgtest, ndipo a Martin Pitt adaikulitsa kwa zaka zambiri. A Antonio Terceiro adakhazikitsa debci, imene imayendetsa ci.debian.net, komwe mayesowa amachitikira. A Paul Gevers ndi anzawo a Release Team, gulu loyang'anira kutuluka kwa Debian, adalumikiza zotsatira za mayesowa ndi britney mu 2018, ndipo kwa ine apa ndi pomwe zinthu zidasinthira. Mayeso amene munthu angathe kungowayang'ana n'kudutsa sasintha khalidwe la aliyense. Koma pamene zidadziwika kuti pakeji yokhala ndi mayeso odutsa imadikira masiku 2 m'malo mwa 5 isanalowe ku testing, ndipo yogwetsa inzake imatsekeredwa, anthu tidayamba kulemba mayeso mwachangu.

Lamulo la mtundu womwewo ndi limene lidandipulumutsa. Chigamba chathu chokonza vutolo chidakonzeka hard freeze itayamba kale. Nthawi imeneyo pakeji yopanda mayeso imafunika chilolezo chapadera cha Release Team, anthu amene amakhala atapanikizika kale ndi mapempho. Koma pakeji yomwe si ya m'gulu la zofunikira kwambiri, ikakhala ndi mayeso enieni odutsa, imalowa yokha pakatha masiku 20. Ndidawawerenga masikuwo limodzi ndi limodzi, ndikutsegula tsamba la zotsatira m'mawa uliwonse tiyi asanapse.

Ndati mayeso enieni dala. Pali ena amene amangofunsa pulogalamu kuti itchule nambala yake basi, ndipo amenewo amayenera kulembedwa kuti superficial, kuti asapatsidwe mwayi wa mayeso ozama. Anzathu amene mumalemba chizindikirochi moona mtima, ngakhale chikukuchedwetsani, ndimakulemekezani. Amene mumalemba mayeso odalira tsamba lina la pa intaneti, omwe lero adutsa mawa agwa, chonde akonzeni, chifukwa amatsekereza anthu osalakwa.

Palinso amene sindiwadziwa n'komwe: opereka makina, ndi odzuka kukadzutsa seva ikafa mzere wa mayeso utatalika. Ambiri mwa iwo salandira kanthu. Zikomo kwambiri. Kunyumba nako, mayi a ana adapirira kuona bando ya intaneti ikutha pa zinthu zosabweretsa ndiwo. Mayi, ndathokoza.

Ntchito ya forky, yomwe idzakhale Debian 14, idayamba kale. Vuto lija tsopano lili ndi mayeso akeake mu kapakeji kanga, ndipo amayenda pa s390x nthawi iliyonse ndikasintha kanthu. Ngati pali wina wofuna kuphunzira kulemba debian/tests/control, andiuze tikhale pansi, fayilo yake ndi ya mizere yochepa chabe.