Inde, petulo ndinamwa, koma sanali malita awiri

Popeza nkhani yoti ndinamwa malita awiri a petulo pokonza injini ya boti yafika kale pa WhatsApp ndipo ena mwayamba kundilonjera kuti "Che Petulo", bola ndifotokoze ndekha alamu anga asanathiremo mchere wina.

Chomwe onse akudumpha n'chakuti injiniyo inali ikudwala ine ndisanaikhudze. Ndi Yamaha Enduro 15 yakalekale, utoto unasupuka, chivundikiro amachimanga ndi mphira wa chubu. Ija yosakaniza oyilo m'petulo momwemo, theka la lita pa malita 25, ngakhale alamu amangothira ndi maso. Nditamasula kasefa ka petulo kaja ka m'kati mwa chivundikiro, pansi pake panali madzi, poti madzi amalemera kuposa petulo ndiye amakhala pansi, komanso zinyalala zofiirira ngati masamba a tiyi. Paipi yochokera kuthanki inali itauma gwa ndi dzuwa ngati usipa wa pathandala, yong'aluka kumapeto, ikuyamwa mpweya. Zonsezi anaziona ndine. Alovi asanu, asodzi amene amakwera botilo usiku uliwonse, sanazione. Izi zilembedwe.

Ndinatsuka kasefa, ndinadula paipi yatsopano, ndinalumikiza kampira kopopera petulo kaja pakati, n'kupukuta manja pang'onopang'ono kuti doko lonse la Makawa liwone kuti pagwira munthu wodziwa.

"Alamu, kwerani tikayese."

Kukoka kamodzi kokha, injini n'kulira. Amayi ogula usipa anachita kutembenuka. Ine chiriri kumbuyo, dzanja limodzi pachiwongolero, lina m'chiuno. Tinangopitirira pang'ono pomwe ana amasambira, injini inatsokomola kawiri n'kuti zii. Inali ikumwa kapetulo kotsalira m'kabyuleta basi.

Ndinafinya kampira. Sikakulimba. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kutentha, alamu akuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade 1. Pa 31 anasiya. Mwera nawo unali utadzuka, ukutikankhira pang'onopang'ono cha ku chilumba cha Boadzulu, ndipo nkhafi tinazisiya pamchenga chifukwa ine ndinanena kuti sizifunika.

Apa m'pamene ndinaganiza kuti paipi yatsekeka. Ndinaizula pakampira, mbali yochokera kuthanki, n'kuiika pakamwa. Ndinayamwa ndi mphamvu zonse, monga munthu woyembekezera kulimbana ndi chotchinga.

Munalibe chotchinga.

Abale, petulo wosakaniza ndi oyilo amabwera m'magawo. Choyamba kuzizira, mpaka umadabwa kuti zinthu zatentha padzuwazi zazizira bwanji. Kenako moto, kuchokera kukhosi kukwera m'mphuno mpaka kutulukira m'maso. Oyilo amafika pomaliza, mosafulumira, ngati mlendo wolemekezeka, n'kuyala mphasa palilime, n'kukhala. Masaya anali atatupa ngati chule. Ndinayang'ana kudoko, anthu onse maso ali pa ine. Ndinaganiza kuti ndikalavula aona. Taonani nzeru zake: munthu wa ana atatu, m'kamwa muli mafuta a injini, ndikuganiza za ulemu. Ndiye alamu anafunsa kuti, "Zikutheka?" Ine n'kufuna kuyankha. Poyankhapo m'pamene zinatsika.

Zotsalazo ndinazipemerera pamalaya a alamu, malaya awo oyera a Lachisanu.

Ndikadali kutsokomola, kunabwera kamnyamata pabwato, msinkhu wosakwana n'kukoka ukonde wa chilimira komwe. Kanagwira m'mphepete mwa boti, kanayang'ana kampira kaja nthawi yayitali, kenako mwaulemu wonse:

"Amalume, muvi uwu ukuloza kuti?"

Pakampirapo pali muvi. Uyenera kuloza ku injini, chifukwa m'kati muli timavavu tolola mafuta kupita mbali imodzi yokha. Wanga unkaloza kuthanki. Nthawi yonse ija ndimafinya, ndimabwezera petulo kwawo. Koma tinene zoona, ndani amalemba muvi wakuda pampira wakuda? Kamuvi kake kochepa ngati diso la usipa, ndipo magalasi ndinawasiya kunyumba. Kamnyamatako kanatembenuza kampira, kanafinya kasanu, kampira gwa, injini n'kulira. Kanapemphanso kuti tikakoke mpaka kudoko, ndipo tinakakoka.

Zimene akunena kuti ndinkatulutsa utsi m'makutu ndi bodza. Zoona n'zakuti ndinageya petulo masiku awiri. Mlovi wina atandiona ndikuyandikira anazimitsa fodya wake n'kubwerera m'mbuyo. Kunyumba mayi a ana anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi mbaula, nsima anachita kutuma mwana. Chambo chomwe anaotcha tsiku limenelo chinkamveka ngati garaja. Kuchipatala, atasiya kuseka, anandimvetsera m'chifuwa n'kunena kuti choopsa ndi petulo akalowa m'mapapo, ndiye munthu asadzisanzitse dala. Apongozi anali atandikonzera kale madzi a mchere.

Injini ija mpaka lero ikuyenda bwinobwino, siinazimenso panyanja. Mukawafunsa alamu kuti anakonza ndani, amatchula kamnyamata kaja. Kasefa anatsuka ndine, paipi anagula ndine, ndipo ndalama yake sanandibwezerebe. Akuti tiyambe takambirana za malaya.