Mmene ndimajambulira kuwombera chandamale ndi magalasi a kamera

Aliyense amene amabwereka magalasi anga a kamera pagulu lathu lowombera chandamale amabwera ndi maganizo amodzi: akavala, kanemayo amuonetsa pamene mfuti inaloza peleti (kachipolopolo ka mfuti ya mpweya) isanatuluke. Akakaonera kunyumba amabwerako atakhumudwa, chifukwa kamera siona zimene diso likuona. Komabe ine magalasiwa sindiwasiya kunyumba, ndipo ndifotokoza mmene ndimawagwiritsira ntchito kuyambira pogula mpaka potumiza kanema kwa anzanga.

Ife timawombera mfuti ya mpweya yogwira ndi dzanja limodzi, pamtunda wa mamita 10, pamalo ena otchingidwa bwino chakunjira ya ku Chileka. Timatsata malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse. Peleti yake ndi ya mamilimita 4.5, pepala lachandamale ndi la masentimita 17 mbali zonse, ndipo kabwalo kapakati kopatsa mapointi 10 n'kotambalala mamilimita 11.5 basi. Pampikisano munthu amawombera ka 60. Masewera a mfuti ya mtundu umenewu analowa mu Olympics mu 1988, koma ambiri kuno anawadziwira pa Yusuf Dikeç wa ku Turkey, uja anatenga mendulo ya siliva ku Paris mu 2024 dzanja lina lili m'thumba, atavala magalasi wamba. Kuchokera nthawi imeneyo, mlendo aliyense amene wabwera kudzayesa amayamba ndi kupisa dzanja m'thumba.

Pogula, choyamba chimene ndinayang'ana n'chakuti kamerayo yakhala pati. Magalasi a Ray-Ban Meta, omwe anatuluka mu 2023, amajambula bwino kwambiri, koma kamera yake ili pakona ya kumanzere kwa wovalayo, kanema wake amatuluka choimirira ngati wa pafoni, ndipo amajambula mphindi zochepa n'kudziimitsa okha. Ine ndimalozetsa ndi diso lamanja, ndiye kamera ya kumanzere ikanamaonera mfuti cham'mbali kwambiri. Kuwonjezera apo mtengo wake, ukausintha m'makwacha, mutu umazungulira. Ndinasankha otchipa opanda dzina lodziwika, okhala ndi kamera pakati, pamwamba pa mphuno, ndipo anandibweretsera ndi mlamu wanga pochokera ku Johannesburg.

Funso lachiwiri ndi la maso enieniwo. Peleti ya mtovu ikagunda chinthu cholimba imatha kunjanja n'kubwerera kwa mwini wake. Magalasi otetezera maso enieni amakhala ndi chidindo cha Z87 kapena cha EN166 pamwendo wake, ndipo anga analibe. Ndinapita nawo kwa okonza magalasi ku Limbe kuti achotse timagalasi takuda tinabwera nawoto n'kuikamo toyera ta polycarbonate, tomwe sitisweka wambawamba. Apa chenjerani: okonza magalasi amakonda kutenthetsa felemu kuti ifewe galasi lilowe mosavuta, pomwe m'felemu imeneyi muli batire ndi timawaya. Muwauziretu asaiyandikize pachotenthetsera. Ngakhale ndinasintha chonchi, magalasiwa sanasanduke otetezera ovomerezeka ayi. Kumfuti ya mpweya ndimawavala, koma pamalo owombera mfuti zamoto sindingawadalire.

Kenako memori khadi. Magalasi otchipawa amafuna khadi la microSD losapitirira 32GB, lofomatidwa mwa FAT32, ndipo FAT32 salola fayilo imodzi kupitirira 4GB, n'chifukwa chake kanema amatuluka ali m'zidutswazidutswa. Zimenezo si vuto. Vuto ndi makhadi achinyengo, olembedwa 32GB pomwe mkati mwake ndi ochepa. Khadi lotere limaoneka ngati likujambula bwinobwino, koma ukafika kunyumba mafayilo ena satseguka. Ine khadi latsopano ndimalidzaza kaye ndi mafilimu pa laputopu mpaka pakamwa, n'kutsegula woyamba ndi womaliza. Onse akasewera, ndimafomata n'kuliika m'magalasi. Tsiku ndi nthawi zimakonzedwa polemba m'kafayilo kakang'ono ka mawu kamene kali m'khadimo, ndipo ndi bwino kukonza, apo ayi makanema onse amaonetsa chaka chakalekale ndipo sudziwa kuti wa Loweruka liti ndi uti. Kutchaja ndimatchaja Lachisanu magetsi akangoyaka, osadikira usiku, ndipo power bank imakhala m'chikwama.

Ndisanawavale koyamba pamalo owombera, ndinapita kaye kwa bambo amene amayang'anira chitetezo pagulu lathu, munthu wachikulire wosalankhulalankhula. Anawatembenuzatembenuza m'manja n'kufunsa kuti, "Ndiye batani loyatsira lili pati, achimwene?"

Ndinawaonetsa, pamwendo wa kumanja.

"Chabwino. Muziyatsa mfuti ili patebulo, yotsegula, mulibe peleti. Dzanja likakwera kumutu mfuti ili m'manja, ndikutulutsani pamzere."

"Ndamva, bambo."

"Komanso muwafunse anzanuwa. Si onse amafuna nkhope zawo pa Facebook."

Malamulo awiri amenewa ndi omwe ndimayendera mpaka pano. Kanyali kosonyeza kuti kamera ikujambula sindinakamate tepi ngati mmene ena amachitira. Mnzanga ali ndi ufulu wodziwa kuti ndikumujambula.

Tsopano kanema woyamba. Zimene zinatuluka ndi khoma la kumanzere, simenti ya pansi, ndi kachigawo ka mkono wanga chakumphepete. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Powombera mfuti ya dzanja limodzi, thupi limaima cham'mbali, mutu umatembenukira kuchandamale koma sufika konse, ndipo mbali yotsalayo amamaliza ndi maso. Chibwano nachonso chimatsika pang'ono. Kamera imatsata kumene nkhope yaloza, osati kumene maso apita. Za kuloza pansizo ndinakonzera kunyumba: ndinamata kapepala pakhoma, n'kuima ngati ndikuwombera, dzanja lili m'mwamba lopanda kanthu, n'kujambula masekondi angapo, n'kuona pa laputopu. Ndinkawonjezera timizere ta tepi ya nsalu pamalo pokhala mphuno mpaka kamera inadzuka, kapepala kaja n'kubwera pakati. Ndinamangiriranso kachingwe kumbuyo kwa mutu kuti thukuta likayamba asamatsetsereke.

Za kupendekera kumanzerezo sizikonzeka ndi tepi. Njira yokhayo ingakhale kutembenuza mutu kwambiri, koma kutero n'kusintha kaimidwe kako chifukwa cha kamera, ndipo khosi likaumirizidwa mkono nawo umanjenjemera. Ndinangovomera kuti mfuti izioneka chakumanja kwa chithunzi.

Ngakhale zonse zitakhala bwino, tizitsulo tiwiri tolozetsera ta pamwamba pa mfuti, kakutsogolo ndi kakumbuyo, sitidzaoneka titalunjikana m'kanema. Kamera ili masentimita angapo kuchokera padiso, ndiye imaona mzere wina. Ndiponso kamera zimenezi zimatenga malo aakulu nthawi imodzi, moti pepala la pamamita 10 limangooneka ngati kadontho koyera, ndipo bowo la peleti silioneka n'komwe. Amene akufuna kuona mmene mfuti ikuyendayendera pachandamale akufunika makina ena, monga SCATT, omwe amamangirira pamfuti penipenipo. Mtengo wake ndi nkhani ina.

Chimene magalasi amagwira bwino ndi nthawi, mutu, ndi phokoso. Kanema wanga amajambula zithunzi 30 pa sekondi. Ndikamutsegula mu pulogalamu yoonera makanema ya VLC n'kuimitsa, ndikamadina batani la E amasuntha chithunzi chimodzichimodzi. Ndimayamba kuwerenga pamene mkono wasiya kutsika n'kukhazikika, mpaka pamene mfuti yalira. Ndili pamzere ndimaganiza kuti nthawi imeneyi imakhala yofanana kuwombera kulikonse. Kanema amanditsutsa. Koyambirira ndimawombera msanga, koma ndikatopa kapena ndikangopeza mapointi 8 okha, kotsatirako ndimakhalitsa, kufunafuna kuti mfuti iime nji, mpaka masekondi kupitirira 10. Pofika pamenepo mpweya wayamba kuchepa, maso achita chidima, mkono walema, ndipo peleti imapita kwina. Aphunzitsi amanena kawirikawiri kuti ikakana tsitsa mkono uyambirenso, koma kudzionera wekha ukukakamira ndi zina.

Kuti nthawi imeneyi ndiigwirizanitse ndi mapointi, ndimalankhula. Ndikangowombera, ndisanasuzumire pa sikopu (choonera patali chomwe timaonera bowo la peleti), ndimanena motsitsa mawu pamene ndikuganiza kuti peleti yagwera: "naini, m'mwamba chakumanzere." Ndikasuzumira ndimanenanso zenizenizo. Maikolofoni ili pafupi ndi pakamwa, ndiye kunong'ona kokha kumamveka, osasokoneza wa pambali. Mapepala ndimawalemba manambala ndi peni, ndipo lililonse ndimalionetsa kukamera ndisanalipachike. Madzulo ndikakhala ndi kope, ndimakhala ndi zinthu zitatu pamodzi: masekondi, pamene ndinaganiza, ndi pamene inagweradi. Ngati zomwe ndinanena zikusiyana kwambiri ndi bowo, ndimadziwa kuti diso linathawa pakachitsulo kakutsogolo n'kukayang'ana chandamale, kapena chala chinakoka trigger (kachitsulo kowombetsera) mwadzidzidzi. Malamulo amati trigger isapepuke kuposa magalamu 500, ndipo kulemera kumeneko n'kokwanira kupotoza mfuti ngati chala chathamanga.

Mutu ndiye suthawa. Popeza kamera yakhala pankhope, mutu ukasuntha pang'ono chithunzi chonse chimagwedezeka. Ndimayang'ana mzere wa denga kapena nsanamira ya kutsogolo. Ngati yapendekeka, ndiye kuti ndagoneka mutu kutsata mfuti m'malo mobweretsa mfuti padiso. Ngati chithunzi chagwa pansi mfuti itangolira, ndiye kuti ndathamangira kusikopu osadikira kaye sekondi imodzi kapena awiri mkono uli m'mwamba. Kapumidwe nako kamamveka bwinobwino, ndipo tsiku limene ndili ndi mantha ndimadzimva ndikupuma ngati munthu wokwera phiri la Soche.

Nyengo ya Blantyre ili ndi zake. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa, kagalasi ka kamera kamachita nthunzi iwe osadziwa, chifukwa maso ako akuona bwino kudzera m'magalasi akuluwo. Ndimakapukuta ndi kansalu kofewa nthawi iliyonse ndikusintha pepala. Mu October ndi kutentha: mwendo wokhala ndi batire umatentha pakhutu, ndipo thukuta limayenderera mpaka pakamera. Chipewa cha kapu chimatchinga theka la chithunzi, ndiye ndimachikankhira kumbuyo kapena kuchivula. Tikaima pamthunzi chandamale chili padzuwa, pepala limangoyera mbee, koma popeza mabowo saoneka kale, zimenezo sizindidetsa nkhawa.

Mapazi, chiuno ndi phewa magalasi saziona. Pa zimenezo ndimaimika foni pa tripod chakumbali, ndipo zonse zikayamba kujambula ndimawomba m'manja kamodzi mfuti isanakhudzidwe. Phokoso limenelo ndi lomwe ndimalumikizira makanema awiriwo. Pulogalamu yaulere ya Kinovea imalola kuwaika pambalipambali pa kompyuta ya Windows, koma masiku ambiri VLC ndi kope zimandikwanira.

Tsiku la mpikisano limasiyana. Malamulo a ISSF salola mafoni, mawailesi kapena zida zolumikizirana pamzere wowomberapo, ndiye magalasi okhala ndi Bluetooth ndi timasipika, ngati a Meta aja, angakubweretsere mlandu, chifukwa woweruza sangadziwe ngati wina akukunong'oneza m'khutu. Anga alibe zimenezo, komabe pampikisano uliwonse ndimakafunsa woweruza m'mawa, mfuti zisanatuluke m'mabokosi, ndipo akati ayi ndimavala magalasi wamba. Pamipikisano yathu ya pagulu amalola. Kulankhula kuja ndimasiya, chifukwa pampikisano ngakhale kunong'ona kumakwiyitsa. Batire langa silifika kumapeto kwa ka 60, ndiye ndimasankha chigawo. Koyambirira ndimakudziwa kale. Komwe mapointi amanditayikira ndi chakumapeto, choncho ndimadikira mpaka pakati, n'kuika mfuti patebulo ili yotsegula, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono ngati ndikupumula, n'kuyatsa.

Potumiza kwa anzanga pa WhatsApp, ndimatumiza kanema ngati document, chifukwa ukatumiza mwanthawi zonse amamufinya mpaka dzanja silioneka bwino. Koma mafayilo a magalasi otchipawa ndi olemera zedi ndipo bandulo imatha ukuona, ndiye ndimadula kaye tizidutswa ta masekondi 20 kapena 30 tomwe tili ndi nkhani. Podulapo ndimachotsanso zina. Kamera ya pankhope imajambula chilichonse chimene wacheukira: nkhope za ana amene abwera ndi makolo awo, manambala a galimoto, geti lolowera, kabati yosungira mfuti ndi amene wasunga kiyi wake. Kwa munthu wakuba zimenezi ndi zothandiza kwambiri, ndipo pachithunzi mfuti ya mpweya siisiyana kwenikweni ndi yamoto kwa amene sazidziwa. Pa Facebook ndimangoika chithunzi cha pepala lachandamale. Makanema athunthu amakhala pa hard drive kunyumba, m'mafoda olembedwa madeti, ndipo khadi ndimalifomata Lamlungu madzulo kuti Loweruka likubweralo lipite lopanda kanthu.