Sabata imodzi pa maphompho a Bempton

Lolemba m'mawa ndinafika pa Bempton Cliffs, ku Yorkshire m'dziko la England, chifunga chitakuta nyanja yonse. Mbalame sindinkaziona, ndinkangozimva: ma kittiwake akulira ngati akutchula dzina lawo lomwe, fungo la zitosi likukwera ndi mphepo kuchokera m'phompho la mamita oposa 100. Tsikulo sindinawerenge chisa ngakhale chimodzi.

Ntchito yanga m'mwezi wa June ndi kuyang'anira zisa. Ndili ndi zithunzi za zigawo za thanthwe, ndipo chisa chilichonse chili ndi nambala. Ndimakhala malo amodzi ndi telesikopu, kudikira kuti kholo linyamuke pang'ono ndione ngati pansi pake pali dzira kapena mwana. Lachiwiri chisa chimodzi chinandidikiritsa pafupifupi ola lathunthu.

Lachitatu ndinali kwa ma gannet, mbalame zazikulu zoyera za m'nyanja. Mu 2022 chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapha ambiri, makamaka pa chilumba cha Bass Rock ku Scotland, ndipo ena opulumuka maso awo otuwa anasanduka akuda. Ndinamuona mmodzi wotere akudyetsa mwana wake. Mtima unakhala m'malo.

Koma Lachinayi ndilo linandisowetsa tulo. Pa zisa zitatu za kittiwake ndinapeza ana ali okha, makolo onse awiri kulibe. Zikatero, dziwani kuti chakudya chatalikira. Kittiwake simira mozama ngati mbalame ina yotchedwa guillemot; imangotola nsomba pamwamba pa madzi, makamaka tinsomba ta sandeel, tomwe tikuchepa pamene nyanja ikutentha. Mu 2024 boma la Britain linaletsa usodzi wa sandeel m'madzi a England a ku North Sea, ndipo ine ndikuti linachita bwino. Koma mwana wosiyidwa yekha, akhwangwala akuzungulira, sangadikire kuti nsomba zichulukenso. Madzulo chisa chimodzi chinali mbee.

Lachisanu ndinatsalira mpaka chisisira chifukwa cha ma guillemot. Iwowa samanga chisa, amangoikira dzira limodzi losongoka mbali imodzi pa mwala weniweni. Mwana akakwana masabata ngati atatu, asanathe n'kuuluka komwe, amadumpha. Ndinamuona mmodzi akuzengereza m'mphepete, bambo ake akuitana. Kenako anadziponya, timapiko tikupupa, n'kukagwa pamadzi kuti khuvu. Anavuuka, n'kusambira kutsata bambo ake kulowera pakati pa nyanja. Ndinalemba m'buku: wachoka, wamoyo.