Zikomo nonse amene munatithandiza kulira Fumbi

Papita masabata 6 chifereni galu wathu Fumbi, ndipo lero ndi tsiku loyamba limene ndakwanitsa kukhala pansi n'kulemba za iye popanda kulekezera panjira. Ndikufuna kuthokoza anthu onse amene anatithandiza pa miyezi imene galuyu ankadwala komanso pa masiku otsatira imfa yake, chifukwa ambiri mwa inu ndinakuyankhani ndi mawu awiri kapena atatu okha, ndipo ena sindinakuyankheni n'komwe. Sikuti ndinapeputsa mauthenga anu. Ndinkawawerenga onse, ena mobwerezabwereza, koma mphamvu yoyankhira ndinalibe. Sinditchula dzina la munthu aliyense poti sindinapemphe chilolezo chanu, koma ndikukhulupirira kuti aliyense adzizindikira yekha.

Fumbi anabwera pakhomo pathu ali kamwana kokwana m'manja awiri, ndipo dzinali tinamupatsa chifukwa cha ubweya wake wotuwa ngati dothi louma. Pa nthawiyo mwana wathu woyamba anali ndi zaka 5, ndipo lero ali ndi zaka 18, kotero kuti sakumbukira bwinobwino mmene pakhomo pano panalili galuyu asanabwere. Anakhala nafe zaka 13, umene ndi moyo wokwanira kwa galu wa thupi ngati lake, pakuti agalu ambiri amakhala zaka zapakati pa 10 ndi 13, ndipo aja a matupi akuluakulu nthawi zambiri safika n'komwe pamenepo. Ankazindikira mayendedwe a aliyense wa m'banja mwathu munthuyo asanaonekere, ndipo mlendo ankamuuwa mwina, wachibale mwina, moti tinkadziwa amene ali pageti tisanasuzumire pawindo. Mabingu ankawaopa kwambiri. Madzulo ndikakhala pakhonde nditatopa, ankabwera mwakachetechete n'kusanjika chibwano chake pabondo langa, osapempha kanthu kalikonse, kumangondiyang'ana mpaka tulo titamugwira.

Matenda ake anaonekera koyamba pa mbale ya madzi. Ndinaona kuti mbale imene tinkaidzaza kamodzi patsiku yayamba kufuna kudzazidwa kawiri, kenako katatu, koma ndinaganiza kuti n'chifukwa cha kutentha, ndipo mumtima ndinkakondwera kuti galu wokalamba akumwa madzi okwanira. Atayamba kukodza pamalo pomwe ankagona, chinthu chimene anasiya ali wamng'ono, ndinati ndi ukalamba. Ndinadzidzimuka pamene anayamba kusiya chakudya, kusanza m'mamawa, kuonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndiponso pamene m'kamwa mwake munayamba kutuluka fungo lachilendo. Kuchokera tsiku limene ndinaona za mbaleyo kufika tsiku limene tinapita naye kuchipatala cha ziweto panadutsa pafupifupi miyezi 2, ndipo miyezi imeneyi ndi imene yakhala ikundisowetsa tulo.

N'chifukwa chake ndikuyamba ndi kuthokoza a dokotala a ziweto amene ankamuona. Atayeza magazi ndi mkodzo, anatiuza mosabisa kuti impso za Fumbi zinali zitawonongeka, kuti zinyalala zimene impso zimasefa m'magazi, monga urea ndi creatinine, zinali zitakwera kwambiri, ndiponso kuti matendawa sachiritsika koma amangochedwetsedwa. Nditawafunsa, mawu akunjenjemera, ngati kuchedwa kwanga ndiko kunamufikitsa pamenepo, sanandinamize kuti andisangalatse, komanso sanandiweruze. Anandifotokozera kuti impso za galu zimabisa vuto kwa nthawi yaitali: ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi zimayamba pamene pafupifupi magawo awiri mwa atatu a impso asiya kale kugwira ntchito, ndipo zinyalala zija zimaonekera bwino m'magazi pamene awonongeka pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Anati kubwera msanga kukanamuthandiza kupeza bwino mwina kwa nthawi yotalikirapo, koma sikukanabwezeretsa zimene zinali zitawonongeka kale. Yankho limeneli silinandichotsere mlandu wonse mumtima, koma linausiya pa muyezo wake weniweni, ndipo katundu wa muyezo umenewo munthu atha kumusenza. A dokotala, akanandiuza wina kuti palibiretu chimene ndikanachita, sindikanamukhulupirira, koma inu ndinakukhulupirirani chifukwa munandiuza zoona zokhazokha.

Anandiphunzitsanso chinthu chimene ndikanakonda kuchidziwa kalekale, ndipo ndachilemba pano chifukwa ambiri mwa inu muli ndi agalu amene ayamba imvi kukamwa. Galu akamamwa madzi opitirira mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku, ndiye kuti wapyola muyezo ndipo ayenera kukayezedwa. Fumbi ankalemera makilogalamu 24, kutanthauza kuti malire ake anali malita 2.4, koma titayamba kumuyezera ndi botolo tinapeza kuti akumwa opitirira malita 3.

Kuchokera pamenepo anakhala nafe miyezi ina 4, ndipo inali miyezi ya ntchito yochuluka. Katatu pa sabata tinkamuthira madzi a diripi pansi pa khungu la kumbuyo kwa khosi kuti thupi lisaume, tinkamupatsa mankhwala oletsa nseru, ndipo chakudya chake tinachisintha kuti chikhale chochepa fosiforasi, mtundu wina wa mchere wopezeka m'zakudya, poti impso zodwala zimalephera kumuchotsa m'magazi. Mayi amene amathandizira a dokotala anandiphunzitsa kutsina khungu ndi kulowetsa singano, ndipo tsiku loyamba anagwira dzanja langa ndi lawo chifukwa linkanjenjemera kwambiri. Anabwereza phunzirolo maulendo atatu popanda kuonetsa kutopa. Mayi, kuleza mtima kwanu ndiko kunachititsa kuti Fumbi azilandirira chithandizo chake pamphasa yake yomwe, m'malo moyenda ulendo umene unkamutopetsa.

Ndikuthokozanso mayi achikulire oyandikana nafe nyumba, amene masana aliwonse, ife tili kuntchito ndipo ana ali kusukulu, ankabwera kudzaona ngati wamwa madzi, kumusunthira pamthunzi, ndi kulemba papepala zimene wadya ndi zimene wasiya. Iwo sanaweteko galu chibadwire, ndipo Fumbi ali ndi mphamvu ankamuopa moti ankaimira patali akafuna kutilonjera. Mapepala awo ndawasunga onse. Alamu anga nawonso anadzuka pakati pa usiku n'kubwera ndi galimoto pamene galuyu anagwa n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse, ndipo sanafunse ngati nkhaniyo ikanadikira m'mawa. Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako, koma anthu awiriwa alibe galu woti ife tidzawasamalire pobwezera. Anachita zimenezi chifukwa anaona kuti ifeyo tikuvutika.

Chinthu chovuta kwambiri chinali kusankha tsiku. A dokotala anatilangiza kuti tizilemba pa kalendala tsiku lililonse ngati linali labwino kapena loipa kwa iye, ndipo tsiku labwino linali lija limene wadya, wadzuka yekha, ndiponso wagwedezera mchira munthu wolowa pageti. Akazi anga ndi amene ankalemba, chifukwa ine ndinkakonda kuona ubwino pamene panalibe. Pa masabata awiri omaliza sipanapezeke tsiku labwino ngakhale limodzi. M'kamwa mwake munatuluka zilonda, miyendo yakumbuyo inasiya kumunyamula, ndipo ndinamuona ataimirira movutikira pa mbale ija, akuyang'ana madzi amene miyezi yonseyo sankawakhuta, koma osatha kumwa ngakhale pang'ono. Pamenepo ndinazindikira kuti kumusunga masiku ena kukanakhala kudzichitira ife eni chifundo, osati iyeyo.

A dokotala anavomera kubwera kunyumba kuti asafere pamalo achilendo, ndipo asanayambe anatifotokozera zonse mwatsatanetsatane. Anati jakisoni woyamba ndi womugoneka tulo kuti asamve mantha kapena ululu, ndipo wachiwiri, wa mankhwala otchedwa pentobarbital, amalowa mu mtsempha wa mwendo wakutsogolo, n'kuchititsa kuti ubongo ugone kotheratu, kupuma kuleke, kenako mtima uime, zonsezi m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Anatichenjeza kuti maso ake atsala otsegula, ndiponso kuti mwina apuma kamodzi mwamphamvu kapena mwendo ugwedezeka, koma zimenezo si zizindikiro za ululu. Akanapanda kutiuziratu, mwana wathu wamng'ono akanakhala ndi chithunzi choopsa moyo wake wonse, pakuti zinachitikadi monga ananenera. Ndinakhala pansi pakhonde, ndinasanjika chibwano chake pabondo langa monga ankachitira yekha, ndipo ana ankamusisita msana. A dokotala atamvetsera pachifuwa chake kwa kanthawi anatiuza motsitsa mawu kuti wapuma, kenako anatuluka n'kukaima panja pa geti kuti titsale tokha. Sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi.

Anatiuzanso kuti mankhwala aja amatsalira m'thupi ndipo atha kupha nyama ina imene ingafukule, choncho dzenje liyenera kukhala lakuya, losachepera mita imodzi, ndipo pamwamba pake paikidwe miyala. Anyamata awiri, anzake a mwana wathu woyamba, anakumba dzenjelo m'dothi lolimba mpaka matuza kutuluka m'manja, ndipo atamaliza anaima nafe chete mpaka titakwirira. Anyamata inu, ndinaona kuti simunachite manyazi kuona mnzanu akulira, ndipo simunamuseke. Makolo anu anakulerani bwino.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kwenikweni kulemba. M'chinenero chathu munthu amamwalira, koma galu amangofa, ndipo munthu akafuna kunyoza mnzake kwambiri amamutchula kuti galu. Choncho amene walira galu amalira mobisa, poopa kumva mawu akuti ndi galu chabe, upeza wina. Mawu amenewa ndinawamvadi kangapo, ndipo sindikusungira aliyense chakukhosi, chifukwa amene sanakhalepo zaka 13 ndi chiweto chimodzi sangadziwe kuti pakhomo pamazizira bwanji chikachoka. Katswiri wina wa nkhani za chisoni, Kenneth Doka, analemba mu 1989 za chisoni chimene anthu ozungulira sachivomereza, chimene mwini wake amasowa pochilirira poyera, ndipo chisoni cha munthu amene wataya chiweto chimalowa m'gulu limeneli. Ine ndinali wokonzeka kulira mobisa choncho, koma inu simunandilole. Mnzanga wina wakuntchito anandilembera kuti wamva kuti Fumbi watisiya, ndipo mawu akuti watisiyawo ndinawayang'ana nthawi yaitali, chifukwa anamuika galuyo m'gulu la a pakhomo pathu, mmene analilidi. Abwana anga atandiona m'mawa wotsatira anandiuza kuti ndibwerere kunyumba ndikakhale ndi ana, osandifunsa kuti ndifotokoze zambiri. Azakhali anga, amene zaka zonsezi ankadandaula kuti galuyu timamulera ngati mwana, anaimba foni n'kundipepesa ndi mawu omwewo amene akanapepesera pa imfa ya wachibale, kenako anandikumbutsa za tsiku limene Fumbi anawaperekeza mumdima mpaka pamsewu.

Mwana wathu woyamba, pofuna kunditsimikizira kuti sindikuchita zachilendo, anandiwerengera za kafukufuku amene akatswiri a ku Japan anafalitsa mu 2015, amene anapeza kuti galu ndi mwini wake akamayang'anizana, m'matupi mwa onse awiri mumachuluka oxytocin, mankhwala achilengedwe omwe aja amene amalimbitsa chikondi cha mayi ndi khanda lake. Ndinamvetsa pamenepo chifukwa chimene nthawi ya madzulo ndi imene imandiwawa kwambiri kuposa ina iliyonse.

Kwa inu amene mwandilonjeza tiana ta agalu, ndipo mulipo atatu, ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndikudziwa kuti mukufuna pakhomo pathu pamvekenso kuuwa. Ndikupempha kuti mutipatseko nthawi. Kagalu kobwera lero tikanakayerekeza ndi Fumbi pa chilichonse, ndipo sikakanalandira chikondi chokayenera.

Akazi anga, inu munachapa zofunda zake tsiku ndi tsiku kwa miyezi 4 popanda kudandaula, munalemba zoona pa kalendala ija pamene ine ndinkafuna kudzinamiza, ndipo pa tsiku lomaliza munalimba mtima chifukwa cha ana, n'kudzalira nokha usiku mukuganiza kuti ndagona. Ndinakumvani, ndipo zikomo. Ana anga, zikomo chifukwa munasankha kukhalapo mpaka pamapeto ngakhale tinakupatsani ufulu wolowa m'nyumba.

Mankhwala ndi matumba a diripi amene anatsala tinawabweza kuchipatala cha ziweto. Unyolo wake tinapatsa banja la kuseri kwa nyumba yathu, limene galu wawo anakhala akubwera pageti kudzanunkhiza kwa masiku angapo Fumbi ataikidwa. Za mbale ya madzi ija sitinagwirizanebe chochita nayo, pakuti ana akufuna isungidwe m'kabati pamene akazi anga akuti ipite kwa galu wina amene angaigwiritse ntchito. Pakadali pano ikadali pakhonde pamalo pake, ndipo m'mawa uliwonse ndimaitsuka n'kuthiramo madzi.