Sabata yolondoloza zaka za The Elder Scrolls

Sabata ino gulu lathu limakonza vidiyo yofotokoza mbiri ya Tamriel, dziko lopeka limene mumachitikira nkhani za magemu a pakompyuta a The Elder Scrolls, ndipo mbali yanga inali kutsimikizira zaka wowerenga mawu asanalowe mu situdiyo.

Lolemba lonse linathera pa tebulo la pakompyuta. Chochitika chilichonse chimakhala ndi mzere wake: chaka chake m'nkhaniyo, gemu imene chatchulidwamo, chaka chimene gemuyo inatuluka, ndi amene wachinena. Zaka zikuluzikulu sizivuta. Nkhani ya gemu ya Arena (1994) imathera mu 3E 399 (kutanthauza chaka cha 399 cha Nyengo Yachitatu ya ku Tamriel; 2E ndi Yachiwiri, 4E Yachinayi), Daggerfall (1996) imayamba mu 3E 405, Morrowind (2002) ili mu 3E 427, Oblivion (2006) mu 3E 433, Skyrim (2011) mu 4E 201. Pamene ambiri amaphonya n'pakuti nyengo iliyonse imayambiranso kuwerenga zaka. Nyengo Yachiwiri inatha mu 2E 896, Yachitatu mu 3E 433. Ndiye kuchokera pa The Elder Scrolls Online (2014), imene ili mu 2E 582, kukafika pa Skyrim, mumaphatikiza 314, 433 ndi 201, n'kupeza zaka pafupifupi 950. Mu sikiripiti munalembedwa kuti "zaka chikwi". Tinasintha.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinadyedwa ndi Cyrodiil, chigawo chapakati cha Tamriel chimene muli nkhani ya Oblivion. Kabuku kamene kanabwera ndi gemu ya Redguard mu 1998 kamanena kuti chigawochi ndi nkhalango yowirira ya kumalo otentha. Mukatsegula Oblivion mumapeza madambo, timapiri ndi mitengo ya kumalo ozizirirako. Yankho limene linadza pambuyo pake ndi loti Tiber Septim, mfumu imene inagonjetsa Tamriel yense, anasintha dzikolo ndi mphamvu zake, ndipo mu mzinda wa Whiterun mu Skyrim, wansembe Heimskr amalalikira zomwezo ataima pabwalo. Koma Online imachitika zaka mazana Tiber Septim asanalamulire, ndipo nkhalango ija kulibe kale. M'gemu yomweyo muli katswiri wina wolemba kuti okopera mabuku akale ndi amene analakwitsa. Apa m'pamene gawo la "amene wachinena" limagwira ntchito. Mabuku a m'magemuwa amalembedwa ngati ndi a anthu a ku Tamriel, ena andale, ena okopa anthu ku chipembedzo chawo, ndipo akhoza kunama. Zimene wosewera amaona ndi maso timaziika pamwamba, mawu a m'mabuku pambuyo, zimene opanga gemu anayankhula kunja kwa gemu pansi penipeni. Ena pagulu pathu amatsutsa dongosololi, koma popanda ilo mkangano sutha.

Lachinayi tinagwira Daggerfall. Gemuyi ili ndi mathero angapo, kutengera amene wosewera wampatsa ulamuliro pa chimphona chamkuwa chotchedwa Numidium. Bethesda, kampani imene inapanga gemuyi, sinasankhe mathero amodzi. Nkhani yake ndi yoti nthawi inasweka, onse n'kuchitikira pamodzi. Pa 9 mwezi wa Frostfall mu 3E 417 ku Iliac Bay, dera limene kumachitikira nkhani ya Daggerfall, kunali maufumu 44, pofika pa 11 anatsala anayi: Daggerfall, Sentinel, Wayrest ndi Orsinium. Kwa ine ndi njira yochenjera yothawira funso, komabe ili m'gemu ndipo sitingaidumphe. Tebulo wamba limakana zoterezi, chifukwa chaka chimodzi chikufuna mizere ingapo yotsutsana koma yonse yoona. Wamatsenga wina dzina lake Mannimarco amasanduka mulungu m'mathero amodzi, koma mu Oblivion wosewera amamupha m'phanga. Tinampatsa mizere iwiri, uliwonse ndi gwero lake, osayesa kuilumikiza.

Lachisanu linali lowerenga sikiripiti mokweza. Paliponse pamene wolemba anati "zinachitika" pomwe umboni ndi buku limodzi la m'gemu, tinalemba kuti "malinga ndi buku lakuti". Ziganizo zinatalika, wojambula anadandaula za nthawi, ndipo tinagwirizana kuti gawo la Cyrodiil lichoke, likhale vidiyo yakeyake mwezi wamawa.