Achimwene afika, zikomo nonse

Achimwene afika. Ali pakhomo kuno kwa Kamwendo, akuyendera ndodo, koma miyendo yonse iwiri ilipo. Ambuye alemekezeke! Mafoni anu sindinathe kuyankha onse, ndiye ndati ndilembe pano ngakhale m'maso muli tulo tokhatokha.

Nkhani mukuidziwa. Pa 15 Disembala 2024, namondwe wa Chido atawomba ku Mecufi ku Mozambique, kummwera kwa Pemba, komwe achimwene ankagwira ntchito yomanga, lata linauluka n'kuwatema pansi pa bondo. Pachipatala chapafupi denga linali litasasuka, mankhwala atanyowa, magetsi kulibe, netiweki kulibe. Ife kuno kumangoimba foni yosalowa. Amayi anasiya kudya.

Amene ndikufuna muwadziwe ndi anamwino ena ake a ku Angonia. Dzina sinditchula poti sindinawapemphe. Anawapeza achimwene atagona pa lona, mu tenti ya bungwe lina lachifundo, akubuula m'Chichewa pakati pa anthu olankhula Chimakua ndi Chipwitikizi, n'kuwayankha m'chilankhulo chathu chomwechi. Anawatsuka bala ndi madzi owiritsa, n'kuwabaya jekeseni ya kafumbata. Diripi anachita kuikoleka pa chitsulo cha tenti, usiku akumanga bandeji mowunikira ndi tochi ya pafoni. Bala litayamba kutulutsa mafinya, thupi likutentha, ndi iwo amene anakakamira kuti achimwene apezeredwe malo pa galimoto yopita ku Pemba. Akanachedwa, mwendo uja ukanadulidwa.

Netiweki itangobwerera anagula mayunitsi ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'kutiimbira kuti m'bale wanu ali moyo. Amayi anagwada pa dothi pomwepo, mphika uli pamoto. Sisita, kumene muliko, Mulungu wa kumwamba akusungeni inu ndi ana anu.

Ndipotu odwala sanali achimwene okha. Akuti ena m'tentimo anali othawa nkhondo ochokera ku Macomia ndi Mocímboa da Praia, anthu amene zigawenga zakhala zikuwathamangitsa m'chigawo cha Cabo Delgado kuyambira 2017. Ena mwa iwo namondwe wa Kenneth anawagwetserapo kale nyumba mu 2019. Nyumba ina anawaotchera, ina yapita ndi mphepo, kolera nayenso ali pakhomo. Anamwinowa akuti anayamba kale kugwira ntchito m'misasa ya ku Metuge, ndiye zonsezi anaziona ndi maso. Koma anali ndi mtima wokumbukira kuti ku Mchinji kuli gogo wina amene sakugona. Ine zimenezi zandipitirira.

Ulendo wobwerera nawo unavuta. Misewu inali yotsekatseka ndi zipolowe za pambuyo pa chisankho, kenako mu Januwale namondwe wa Dikeledi anawomba ku Nampula. Mpaka adutse Cuamba ndi Mandimba n'kulowa pa Chiponde, tinali titatha mphamvu tonse.

Amayi a Mvano, zikomo chifukwa cha mapemphero ndi ufa. A banki m'khonde munandibwereka osandiwerengera chiwongoladzanja. Anyamata a kabaza pa siteji munasonkha zanu zochepazo. Amalume a ku Mkanda munagulitsa mbuzi nthawi ino ya njala, feteleza musanagule. Sitiiwala.

Ena munayamba kale kufunsa pa gulu la WhatsApp kuti njinga yamoto ya achimwene itsala ndi ndani. Takumvani. Eni ake abwera, mukafunse okha.

Ndibwerezenso za anamwino aja, chifukwa mtima sukukhutira. Si m'bale wathu, sitinawaonepo nkhope, ndipo titafuna kuwatumizira kangachepe anakana, amvekere kagulireni odwala mazira. Muziwatchula m'mapemphero anu pamodzi ndi anzawo onse amene akadali m'matenti kumeneko.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tidzakhala ndi mapemphero othokoza kunyumba kwa amayi. Obwera musawakakamize achimwene kufotokoza zonse, mvula ikagunda malata akumadzidzimukabe. Nsima idzakhalapo, koma ndiwo mutengeko, nkhuku zinathera ulendowu.